ZACHILENGEDWE-AUSTRALIA: Chilala Chikatha, Asidi Amatsala M'matope

Mu lamulo loyendetsera madzi a mitsinje ya Murray ndi Darling, lomwe boma la Australia linakhazikitsa mu Novembala 2012, muli ndime imene mlendo angaiwerenge osazindikira chomwe inalembedwera. Ndimeyi ikuti, momwe zingathekere, madzi a m'nyanja ziwiri za kumathiriro a Murray, zomwe ndi Alexandrina ndi Albert, azikhala okwera kuposa mamita 0.4 pamwamba pa mlingo wa nyanja ya mchere kwa nthawi yokwana 95 peresenti, ndipo asatsike konse kunsi kwa mlingo wa nyanja ya mchereyo.

Chimodzi mwa zifukwa zomwe lamuloli likutchula ndi kupewa asidi. Opanga malamulo anali ataona ndi maso awo, pakati pa 2007 ndi 2010, kuti matope a pansi pa nyanjazi akakhala pamtunda amasanduka gwero la asidi woopsa, ndiponso kuti mvula ikabweranso vutolo silichoka msanga. Nkhaniyi ikukhudza dziko lililonse lomwe lili ndi maiwe a m'mphepete mwa nyanja ya mchere komanso madamu ndi minda yothirira kumtunda kwa mitsinje yake, monga momwe zilili ku South Africa ndi ku Mozambique.

Mtsinje wa Murray ndi wautali makilomita oposa 2,500. Usanathire m'nyanja ya mchere, kummwera chakummawa kwa mzinda wa Adelaide, umalowa m'nyanja ya Alexandrina, yomwe imalumikizana ndi ya Albert pa kampata ka ku Narrung. Kuchokera pamathiriro, dziwe lalitali komanso losaya lotchedwa Coorong limatsata gombe kwa makilomita oposa 100, ndipo chomwe chimalilekanitsa ndi nyanja ya mchere ndi mitumbira ya mchenga. Dera lonseli ndi kwawo kwa mtundu wa a Ngarrindjeri, ndipo mu 1985 linalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa mgwirizano wa Ramsar.

Pakati pa 1935 ndi 1940 boma linamanga mabaraji asanu olekanitsa nyanja ziwirizi ndi madzi a mchere. Ntchito yake ikufanana ndi ya baraji ya ku Liwonde pa mtsinje wa Shire: anthu ndi amene amasankha nthawi yotsegula zitseko ndi kuchuluka kwa madzi oti adutse. Kuyambira nthawi imeneyo madzi a m'nyanjazi ankasungidwa pa mamita pafupifupi 0.75 pamwamba pa mlingo wa nyanja ya mchere, ndipo kwa zaka zoposa 60 matope a pansi pake sanaonepo dzuwa.

Zomwe zimachitika m'matope

Mtsinje uliwonse umakokolola nthaka yokhala ndi ayironi, mchere womwewo umene umapatsa katondo maonekedwe ake ofiira komanso umene umachita dzimbiri pa khasu. Madzi a m'nyanja ya mchere nawo amabwera ndi mchere wa sulphate, womwe uli ndi sulufule. Dziwe la pagombe ndi pokumanira ziwirizi, ndipo pamwamba pake pamagwera zinyalala za zomera ndi ndere zakufa.

Pansi pa matope, pomwe mpweya wa okosijeni sufika, pamakhala mabakiteriya amene amadya zinyalalazo pogwiritsa ntchito sulphate m'malo mwa okosijeni. Chotsalira chake ndi sulphide, mpweya wonunkha ngati dzira lowola umene aliyense woyenda m'matope a mangrove amaudziwa. Sulphide ndi chiphe kwa nsomba ndi mizu ya zomera, koma ayironi amamugwira n'kupanga naye thope lakuda bii. Pakapita nthawi, thope lakudalo limasanduka timiyala ting'onoting'ono ta pyrite. Malinga ngati madzi aphimba matopewo, pyrite amangokhala phee, ngakhale kwa zaka zikwi zambiri.

Zinthu zimatembenuka matope akauma n'kung'aluka. Mpweya umalowa m'ming'alu, pyrite amaphwasuka, sulufule amasanduka asidi wa mtundu umene umakhala mu batire ya galimoto, ndipo ayironi amamasuka. Tani imodzi ya pyrite ikaphwasuka yonse imatulutsa asidi wokwana matani pafupifupi 1.6. Asidiyo amasungunula aluminiyamu ndi zitsulo zina za m'dongo, ndipo aluminiyamu wosungunuka amaononga ziwalo zopumira za nsomba. Ayironi womasuka uja akakumana ndi madzi okhala ndi mpweya amachita dzimbiri, ndipo potero amalanda madziwo okosijeni, amatulutsa asidi wina, n'kusiya utoto wofiirira pa udzu ndi pa miyala. Pa nthaka youma pamaoneka madontho achikasu a mchere wotchedwa jarosite, omwe akatswiri a nthaka amawatenga ngati chizindikiro choti asidi wakhazikika.

Chofunika kudziwa n'chakuti nthawi ya ng'amba yeniyeni asidi ambiri amakhala m'nthaka momwemo. Chimene chimamutulutsa n'kumutengera m'madzi ndi mvula yoyamba kapena kukwera kwa madzi chilala chitatha.

Zaka zitatu mabaraji ali otseka

Chilala chomwe anthu a ku Australia amachitcha Millennium Drought chinayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndipo chinatha mu 2010. Koma kunena kuti chilala chokha ndicho chinaumitsa nyanja za kumathiriro n'kubisa theka la nkhani. Maboma a zigawo za kumtunda anali atapereka ziphaso zambiri zopatutsira madzi ku minda ya mpunga, thonje, mphesa ndi msipu wa ng'ombe za mkaka, kotero kuti ngakhale m'zaka za mvula yabwino madzi ofika kunyanja anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi kale. Chenjezo linabwera mu 1981, pomwe mathiriro a Murray anatsekeka ndi mchenga kwa nthawi yoyamba chiyambire kulemba mbiri yake. Kuyambira mu Okutobala 2002, boma linkachita kukumba mchenga ndi makina kuti mathiriro akhale otseguka.

Mu 2006 ndi 2007 madzi olowa mu Murray anachepa kuposa chaka china chilichonse cholembedwa m'mabuku. Kuyambira mu 2007 mpaka 2010 madzi sanadutsenso pa mabaraji, ndipo pofika mu 2009 nyanja ya Alexandrina inali itatsika pafupifupi mita imodzi kunsi kwa mlingo wa nyanja ya mchere. Popeza nyanjazi n'zosaya, kutsika kotereku kunasiya pamtunda mahekitala ofika 20,000 a matope okhala ndi pyrite. Akatswiri a bungwe la boma lofufuza za sayansi la CSIRO, motsogozedwa ndi Rob Fitzpatrick, anayenda m'magombe atsopanowo akuyesa nthaka, ndipo m'malo ambiri anapeza asidi woposa amene mbewu kapena nsomba ingapirire.

Mvula ya dzinja la 2009 inatsimikiza mantha awo. Madzi atayamba kuyenderera pa nthaka youma ya m'mitsinje ing'onoing'ono ya Currency Creek ndi Finniss, pafupi ndi tauni ya Goolwa, panabadwa zithaphwi za asidi, zina mlingo wake wa pH uli kunsi kwa 4, pomwe madzi abwino a m'nyanjazi amakhala pa 8 kapena chapompo. Chaka chotsatira zomwezi zinachitika ku Boggy Lake, kumpoto kwa Alexandrina.

Boma la chigawo cha South Australia linachita zomwe likanatha, ndipo zonse zinali zokwera mtengo. Mu 2008 linatseka kampata ka ku Narrung ndi chimulu cha dothi n'kumapopa madzi kuchokera ku Alexandrina kuthira mu Albert, kuti matope a dongo a pakati pa nyanja ya Albert asaonekere. Mu 2009 linamanga chotchinga china ku Clayton pofuna kukweza madzi a m'khwawa la Goolwa. Ndege zinamwaza laimu wopera m'madzi a asidi, ndipo zina zinafesa udzu pa magombe ouma. Udzuwo sunali wongoletsa fumbi. Ukafa n'kumira, umakhala chakudya cha mabakiteriya aja, omwe pomanganso sulphide ndi ayironi amachepetsa asidi. Mwachidule, boma linkalipira kuti libwezeretse ntchito yomwe matope ankagwira okha mwaulere pamene anali pansi pa madzi.

Panali maganizo ena amene anthu ambiri, makamaka alimi a kumtunda, ankawaona ngati anzeru: kutsegula mabaraji kuti madzi a m'nyanja ya mchere alowe n'kuphimba matope. Boma linawasunga ngati njira yomaliza zinthu zikafika posauzana, koma silinawagwiritse ntchito. Kafukufuku anaonetsa kuti madzi a mchere akathiridwa pa nthaka yomwe yagwidwa kale ndi asidi, mchere wake umakankha asidi ndi aluminiyamu womatirira ku dongo n'kumulowetsa m'madzi mofulumira kuposa momwe madzi a mumtsinje angachitire. Komanso popanda mtsinje wotsuka, madzi a mchere olowa m'nyanja zosaya akanangouma ndi dzuwa n'kusiya mchere wochulukirachulukira. Mkanganowu sunathere pomwepo. Unapitirira mpaka mu 2020, pomwe gulu loima palokha lotsogozedwa ndi Francis Chiew wa ku CSIRO linapeza kuti nyanjazi zinali za madzi opanda mchere nthawi zambiri azungu asanafike, ndiponso kuti kuchotsa mabaraji kungaononge zambiri.

Madzi anabwera, asidi sanachoke

Mvula yamphamvu ya 2010 inadzaza mtsinje, madzi anadutsanso pa mabaraji chakumapeto kwa chakacho, ndipo zotchinga za ku Narrung ndi ku Clayton zinagumulidwa. M'nyanja zenizenizo madzi ochuluka anasungunula asidi wa pamwamba, ndipo ngozi yomwe inkaopedwa, yoti nyanja yonse ya Albert isanduke ya asidi, sinachitike. Koma omwe anapitiriza kuyesa matope anapeza kuti masentimita ochepa kunsi kwa thope la pamwamba, asidi anakhalabe kwa zaka zingapo. Pyrite amaphwasuka m'miyezi yochepa, pomwe kuti amangikenso pamafunika mabakiteriya, chakudya chawo ndi nthawi, ndipo mabakiteriyawo sachita bwino m'nthaka ya asidi wambiri.

Umboni wosatsutsika unaoneka m'minda ya m'mbali mwa mtsinje pakati pa Mannum ndi Wellington, yomwe kale inali madambo ndipo inaumitsidwa kuti ikhale msipu wa ng'ombe za mkaka. Nthawi ya chilala kuthirira kunaima, madzi a pansi pa nthaka anatsika, ndipo dongo linang'aluka mozama. Mu 2011 alimi atayambanso kuthirira, ngalande zotulutsa madzi m'mindayi zinadzaza ndi madzi ofiirira a asidi ndi ayironi, omwe ankapopedwa kubwerera mu Murray, mtsinje womwe mzinda wa Adelaide umamwa. Luke Mosley, yemwe panthawiyo ankagwira ntchito ku bungwe la chigawochi loteteza zachilengedwe, ndi anzake analemba momwe vutoli linapitirira kwa zaka chilala chitatha. Ndalama zomwe zinapulumutsidwa posathirira mindayo kwa zaka zochepa zinabwezedwa m'njira ina.

Ku Coorong vuto ndi la mbali inayo

Dziwe la Coorong, makamaka chigawo chake cha kummwera chomwe chili kutali ndi mathiriro, likuonetsa kuti kungophimba matope ndi madzi si mapeto a nkhani. Kumeneko matope ambiri sanaume. Chomwe chinasowa ndi madzi oyenda. Nthawi ya chilala mchere wa m'chigawochi unaposa kasanu wa m'nyanja ya mchere. Udzu wa pansi pa madzi wotchedwa Ruppia tuberosa, womwe abakha ndi mbalame zina zimadalira, unatha m'malo ambiri, pamodzi ndi tinsomba ndi timphutsi tomwe mbalame zochokera kutali ku Siberia ndi Alaska zimadzadya chaka ndi chaka.

Chilala chitatha mchere unatsika, koma dziwe silinabwerere mwakale. Kafukufuku wa pansi pa ndondomeko ya boma ya Healthy Coorong, Healthy Basin, yomwe inalengezedwa mu 2018, anaonetsa kuti pansi pa chigawo cha kummwera padzaza thope lakuda la sulphide ndi ayironi, lopanda okosijeni ngakhale pamwamba penipeni. Apa mpomwe ntchito yachiwiri ya ayironi ikuonekera. M'dziwe lathanzi, nyongolotsi ndi tinkhono timaboola matope n'kulowetsamo mpweya, kotero kuti pamwamba pa thope pamakhala kansalu ka dzimbiri. Dzimbirilo limagwira fosifolasi, chakudya cha zomera chomwe alimi amachidziwa mu feteleza, n'kumusunga pansi. Mchere ukapha tizilombo toboola matope tija, mpweya sulowanso, ayironi yense amatengedwa ndi sulphide, ndipo fosifolasi amamasuka kulowa m'madzi. Ndere zimachuluka, zimaphimba udzu, zimafa, zimamira, n'kukhala chakudya cha mabakiteriya opanga sulphide wina. Ayironi wogwira sulphide watsopanoyo akaperewera, chiphecho chimangoyandama m'thope, ndipo tizilombo sitingabwererenso.

Choncho m'dera limodzi lomweli muli mavuto awiri osiyana: kumtunda kwa mabaraji matope anaonongeka chifukwa cholandira mpweya wambiri, pomwe kumunsi kwake akuonongeka chifukwa chosowa mpweya. Onse awiri gwero lake ndi kuchepa kwa madzi a mumtsinje. Mu 2019 boma linamaliza ngalande zobweretsa madzi opanda mchere kuchokera kummwera chakummawa kudzathira mu Coorong pa Salt Creek, ndipo madzi osefukira a 2022 ndi 2023, omwe anali aakulu kuposa ena onse chichitikire a 1956, anatsitsa mchere kwa kanthawi. Koma thope lomwe launjikana kwa zaka makumi angapo silitsukika ndi chigumula chimodzi.

Africa inaziona kale

Anthu a kummwera kwa Senegal sangadabwe ndi nkhaniyi. M'chigawo cha Casamance, chilala cha ku Sahel chomwe chinayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 chinachepetsa madzi a mumtsinje, mchere unalowerera kumtunda, mitengo ya mangrove inafa, ndipo matope ake atauma anasanduka zipalamba za mchere ndi asidi. Ntchito zina za chitukuko zinaonjezera moto. Ngalande zoumitsira matope a mangrove kuti pakhale minda ya mpunga, komanso madamu otchinga madzi a mchere monga la Affiniam la m'zaka za m'ma 1980, zinaletsa madzi a m'nyanja kunyowetsa nthaka nthawi ya chilimwe, ndipo m'malo ambiri asidi anakula pomwe pankayembekezeka mpunga. Alimi a mpunga a m'magombe a kuzambwe kwa Africa anali ndi nzeru yakale yolola madzi a m'nyanja kulowa m'minda nthawi ya chilimwe kuti nthaka isaume, n'kudikira mvula kuti itsuke mchere. Izi sizikutsutsana ndi zomwe anapeza ku Australia: madzi a mchere amateteza thope lomwe silinaume, koma amavundula asidi pa thope lomwe lauma kale.

M'chigawo chino cha Africa, dziwe lomwe mbiri yake ikufanana kwambiri ndi ya Coorong ndi St Lucia, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa. Mu 1952 mtsinje wa Mfolozi unapatutsidwa n'kupatsidwa mathiriro akeake, chifukwa madambo ake atakumbidwa ngalande kuti pakhale minda ya nzimbe, unkabweretsa matope otseka khomo la dziweli.  Chilala cha 2002 chitafika khomo linatsekeka, gawo lalikulu la dziwe linauma, ndipo kumpoto kwake mchere unaposa wa m'nyanja kangapo. Vuto lomwe linatchuka kumeneko ndi mchere ndi matope, osati asidi, koma funso lomwe akuluakulu a paki ya iSimangaliso anakumana nalo ndi lomwe lija: ndani atsegule kapena kutseka khomo, liti, ndipo ataye ndani? Mu 2012 Mfolozi analumikizidwanso ndi dziweli, alimi a nzimbe omwe minda yawo inkamira anapita kukhoti koma sanapambane, ndipo mu Januwale 2021 khomo linakumbidwanso ndi makina, zomwe akatswiri ena a sayansi anadzudzula poyera.

Kumathiriro a Zambezi ku Mozambique kuli nkhalango zazikulu za mangrove, ndipo kusefukira kwa madzi kumeneko kunasintha kuyambira pomwe anamanga damu la Kariba mu 1959 ndi la Cahora Bassa mu 1974. Chilala cha 2024, chomwe chinachititsa maboma a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe kulengeza kuti m'maiko mwawo mwagwa ngozi, chinakumbutsa kuti madzi akachepa, magetsi ndi ulimi ndi zomwe zimayamba kuganiziridwa, ndipo za matope a kumathiriro palibe amene amazitchula pa msonkhano. Komatu kudziwa ngati thope lili ndi pyrite sikufuna ndalama zambiri. Katswiri amathira mankhwala a peroxide pa kachidutswa ka thope n'kuona ngati pH yagwa, kapena amasunga thopelo lili lachinyezi pamphepo kwa milungu ingapo n'kuliyesanso. Aliyense wofuna kukumba ngalande, maiwe oweteramo nsomba kapena doko m'matope a pagombe ayenera kufunsidwa zotsatira za kuyesa kumeneku asanapatsidwe chilolezo.

Ku Australia nako mamita 0.4 olembedwa m'lamulo aja sadzisunga okha. Ndondomeko ya 2012 inafuna kuti malita mabiliyoni 2,750 pachaka abwezedwe ku chilengedwe, ndi ena mabiliyoni 450 oonjezera omwe chigawo cha South Australia chinaumirira kuti alembedwe. Pofika mu 2023, gawo laling'ono chabe la malita oonjezerawo ndi lomwe linali litapezeka, ndipo makina okumba mchenga, omwe anaima mu Disembala 2010, anali atabwereranso pamathiriro kuyambira mu Januwale 2015. Chakumapeto kwa 2023 nyumba ya malamulo ya dzikolo inasintha lamulo, kulola boma kugula madzi kwa alimi ofuna kugulitsa ziphaso zawo, ndipo inasuntha tsiku lomaliza lopezera malita mabiliyoni 450 aja kufika pa 31 Disembala 2027. Mabungwe a alimi othirira a ku New South Wales ndi Victoria anatsutsa kusinthaku, ponena kuti madzi akagulidwa, matauni a kumidzi omwe amadalira ulimiwo ndiwo amafota.